Tsiku limene ndinalirira kambuzi pamaso pa apongozi

Ine ndimakhala ku Nchalo, kumene mu Okutobala nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, kutentha n'kumadutsa madigiri 40 popanda wodabwa. Muzikumbukira zimenezi pamene ndikukuuzani kuti mu Juni chaka chatha ndinafunditsa tsabola bulangete.

Ndinali ndi mitengo itatu ya tsabola wa kambuzi m'zidebe zakale za penti kuseri kwa nyumba. Mbewu yake ndinachotsa m'kambuzi wa pa mulu amene ndinagula pa Dyeratu. Anabereka bwino zedi. Ukangophwanyira kamodzi mu mphika wa mlamba wowamba, ngakhale a nyumba yachitatu amadziwa kuti lero kwadyedwa.

Vuto linabwera ndi foni. Pa Facebook ndinaona kanema wa mzungu wina wa ku England akufotokoza kuti tsabola si mbewu ya nyengo imodzi ngati chimanga, amatha kukhala zaka zingapo ngati chisanu sichinamuphe. Kwawoko madzi amaundana, ndipo usiku umodzi wokha umakwana kuupha mtengo. Ndiye iye amaudulira n'kusiya timitengo tifupitifupi, amaulowetsa m'nyumba pafupi ndi zenera, n'kuchepetsa madzi. Zonsezi n'zoona. Chimene sindinadzifunse n'chakuti chibadwire changa ndinaonapo liti madzi ataundana pa Nchalo kunja kwa firiji. Kuzizira kwathu kuno ndi kovala juzi m'mamawa, ikamakwana 8 koloko wavula kale. Chiperoni chenicheni chimathera kumtunda kwa Thyolo uko.

Mayi a kunyumba anayesa kundiletsa. "Bambo a Mphatso, tsabola wa agogo anga ku Ngabu anakhala pachulu zaka ndi zaka, palibe anamulowetsapo m'nyumba." Ndinawayankha kuti zimenezo n'zachikale, iyi ndi sayansi. Tinagwirizana kuti zidebe ziwiri zilowe kuchipinda, chachitatu chitsale panja kuti tidzaone wanzeru. Usiku woyamba ziwiri zija ndinazifunditsa bulangete la alendo. Zimenezo mzungu sananene, ndinawonjezera ndekha.

Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde ndi mbale yodzaza kambuzi yemwe ndinathyola podulira, n'kumang'amba mmodzimmodzi ndi chikhadabo kuti ndiyanike njere. Ukali wambiri wa tsabola umakhala m'kanyama koyera kamene kamagwira njerezo, ndipo zala zanga zinali m'menemo pafupifupi ola lathunthu. Mzungu uja anavala magolovesi pochita zimenezi. Ine ndinkaganiza kuti ndi chifukwa cha kuzizira.

"Odi kuno!"

Apongozi, mayi a akazi anga, atsika minibasi kuchokera ku Bangula, thumba la mbatata lili pamutu. Ndinathamanga kukawalandira katundu, ndinawayalira mkeka, kenako n'kunjuta chapatali monga mkamwini wolangika. Dzuwa la "chisanu" lija linali litakwera, thukuta n'kuyamba kutsikira m'maso. Ndinalipukuta. Ndi manja onse awiri.

"Mwaswera bwanji, amayi?" sindinamalize. Maso anayaka ngati wina wathiramo makala a pambaula. Misozi mbwee, mamina chuchuchu, mawu osatuluka. Kuthawa pamaso pa apongozi n'kupanda ulemu, ndiye ndinangokhala pomwepo, nditagwira kumaso, zimene zinangowonjezera moto.

Apongozi atayang'ana mkamwini akusisima, mwana wawo osaoneka (anali kumjigo), anangoti basi zachitika. Anaika manja kumutu. "Mayo ine! Mwana wanga ine!"

Kwathu kuno kulira kotero sikufuna uthenga. Amayi oyandikana nawo anafika akumanga zitenje m'chiuno, ena atayamba kale kuthandiza kulira asanadziwe wolirayo akulira chiyani. Mnyamata wina anathamangira kukathyola masamba oti aike pamsewu. Bambo wina wachikulire wa mpingo wathu anagwada pambali panga, n'kundigwira paphewa.

"Limbani mtima, achimwene. Watisiya ndani?"

Ndinakoka mpweya wonse umene ndikanatha. "Ka… kambuzi!"

Kunali zii.

"Kambuzi?" anatero bambo aja akudzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. "Ine madzi a Freddy mu 2023 ananditengera khola lonse, sindinalire chonchi."

Mphatso ndi amene anazindikira ataona mbale ija, n'kubwera ndi ndowa ya madzi a pamjigo, amchere aja. Ndinaviika mutu wonse. Sizinathandize, chifukwa ukali wa tsabola susungunuka m'madzi, umagwirizana ndi mafuta. Madzi amangousamutsa kuchoka m'maso kupita m'mphuno ndi m'makutu. Mayi a kunyumba atafika n'kupeza maliro awo omwe akubalalika, sanafunse zambiri. Anatenga mkaka umene unayenera kuthiridwa mu tiyi wa apongozi, anaviikamo kansalu n'kundiika m'maso, manja anandipaka mafuta ophikira kenako sopo. Kuseka anayamba nditayamba kuona. Mpaka lero sanasiye.

Mitengo iwiri ya kuchipinda ija inaphuka timasamba tachikasu tosowa dzuwa, nsabwe n'kudzazana kunsi kwake, pofika Ogasiti inali nkhuni. Wa panja uja, amene ankangothiridwa madzi otsukira mbale, anachita maluwa mbuu, apumbwa n'kumabwera kudzadya zipatso zake mosangalala, poti mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola.

Koma apongozi makutu awo ndi olimba pang'ono, ndipo tinawafotokozera katatu konse osamvetsa. Mu Seputembala kabaza anaima pakhomo, kumbuyo atamangirira dengu, m'dengumo muli kamwana ka mbuzi kakuda. Uthenga wake unali wakuti akamwini asalirenso.

Tinakamangirira kuseri kwa nyumba. Chingwe chinali chachitali. Pofika masana, m'chidebe chachitatu chija munatsala kamtengo kokhakokha, kodulidwa bwinobwino ngati mmene ankachitira mzungu uja.