Ndapita ku Tete kawiri chifukwa cha timabodi khumi ta Arduino

Timabodi tija tayamba kugwira ntchito m'kalasi sabata yathayi, ndipo ndikulemba mtima usanaphwe kwenikweni, kuti mphunzitsi mnzanga wa kuno ku Angónia, wa ku Tsangano kapena ku Macanga asaponde minga imene ndaponda ine. Ndimaphunzitsa TIC, phunziro la makompyuta, pa sekondale ina kufupi ndi Ulongwe, ndipo ndinatopa ndi kujambula kompyuta pa bolodi ndi choko ana n'kumangokopera m'makope.

Kwa amene sanakaonepo, Arduino ndi kabodi kamene umakalembera malangizo pa kompyuta, n'kuwatumiza kudzera pa chingwe cha USB, iko n'kumachita zomwezo mobwerezabwereza malinga ngati kali ndi moto. Anakayambitsa ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, ndipo anakapangira ophunzira. Ambiri amayamba ndi mtundu wa Uno. Ine ndinasankha Nano, kotalika ngati chala, chifukwa n'kotsika mtengo ndipo kamalowa bwinobwino pa breadboard, kathabwa ka pulasitiki ka timabowo kolumikizirapo mawaya popanda kuwotcherera. Tchipu chake, ubongo wa kabodiko, ndi chomwecho cha Uno, ATmega328P. Sindinagule enieni, ndinagula ofanizira ochokera ku China, ndipo zimenezo zinali ndi mavuto ake amene ndifikapo.

Mlamu wanga wa ku Maputo ndiye anandigulira, pamodzi ndi ma LED (tinyali ting'onoting'ono), ma resistor (tochepetsa mphamvu ya moto) ndi timawaya. Pofuna kuti zioneke zolongosoka, pa katoni analembapo dzina la sukulu m'malo mwa dzina langa. Cholakwika chinayambira pamenepo. Abale anga, katundu azibwera m'dzina lanu, monga momwe lalembedwera pa BI, chitupa chanu cha unzika. Osalemba dzina la sukulu.

Katoni itafika mumzinda wa Tete ndinaimba foni ku ofesi ya onyamula katunduwo kufunsa zoti ndibweretse. Anati BI basi. Ndinafunsanso kachiwiri, anati BI basi. Ndinapempha tsiku kwa a diretori, ndinasiya makalasi atatu opanda mphunzitsi, ndinakwera chapa kusanache kuno kukuzizira mpaka zala kuuma. Mukudziwa momwe chapa imachitira, siinyamuka isanadzaze, ndipo imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Podutsa ku Moatize juzi ndinali nditavula kale, thukuta lili kamukamu. Ndinafika pa ofesipo atangotseka kumene kupita ku nkhomaliro. Ndinadikira panja pa dzuwa la ku Tete lija, popanda ngakhale benchi.

Atatsegula, bambo wa pa kauntala anatenga BI yanga, anayang'ana katoni, n'kundibwezera. "Aphunzitsi, dzina ili si lanu. Tikufuna credencial yochokera kusukulu, yokhala ndi siginecha ya a diretori ndi chidindo." Ndinati, "Bambo, ndinaimba dzulo, munati BI yokha." Anati amene anayankha foni si iwowo. Katoni ndikuiona ndi maso anga pa shelefu kumbuyo kwawo, kulemba kwa mlamu wanga ndikukuzindikira. Ndinaimbira a diretori, iwo anachita changu, analemba kalata, anadinda, anajambula n'kunditumizira pa WhatsApp. Ndinawaonetsa bambo aja. Anati chithunzi si kalata. Ndinapempha kuti alankhule okha ndi a diretori pa foni, anakana. Ndinapempha kuonana ndi akuluakulu awo, anati atuluka ndipo sabweranso tsiku limenelo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si lamulolo. Lamulo ndi labwino, katundu wa sukulu asamangoperekedwa kwa aliyense. Koma munthu wakuuzani kuti akuchokera ku Angónia, ulendo wa theka la tsiku, bwanji osamuuza zonse pa foni pomwepo? Mawu amodzi okha, credencial, akanandipulumutsira tsiku lathunthu ndi ndalama ya chapa kupita ndi kubwera. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Matundo, kutentha osagonetsa tulo, m'mawa n'kubwerera chimanjamanja.

Ndinapitanso patatha sabata, kalata ili m'manja. Ulendo uno anandiuza kuti pali ndalama yosungira katundu, yowerengera tsiku lililonse kuyambira pamene katoni inafika. Ndiye kuti masiku amene iwo omwe anandichedwetsa, ndinawalipira ine, kuchokera m'thumba langa. Ndalama imeneyo ikanagula timabodi tina tiwiri. Ndinalipira, ndinapempha lisiti, ndinanyamula katoni osaitsegula n'komwe chifukwa cha mkwiyo, ndipo kumeneko kunali kulakwitsa kwachiwiri.

Musachoke mumzinda musanayese kabodi kalikonse. Nyamulani laputopu, khalani pansi penapake pamene netiweki ili yamphamvu, lumikizani kamodzikamodzi. Ine ndinakatsegulira kunyumba, ndinalumikiza koyamba, kanyali kofiira kanayaka, koma kompyuta sinakazindikire. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti mlamu wanga anamugulitsa zakufa. Vuto linali loti timabodi tofanizirati timagwiritsa ntchito katchipu kotchedwa CH340 polankhulana ndi kompyuta, ndipo kompyuta yanga inalibe driver wake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kukazindikira. Tembenuzani kabodiko, muona dzinalo litalembedwa kunsi. Driver yo ndi yaing'ono, koma pulogalamu yolembera malangizo, Arduino IDE, ndi yolemera, ndipo pa netiweki ya kwathu kuno inkaduka pakati mamega n'kupita pachabe. Ndinakwanitsa usiku wachitatu, pakati pa usiku. Zonse ziwiri, IDE ndi driver ya CH340, ikani pa fulashi mukadali mumzinda, ndipo fulashiyo muikopere pa ina.

Ndaiwala kunena za zingwe. Katoni inabwera ndi zingwe zitatu zokha za mini-USB pa timabodi khumi. Ndinagula zina pamsika, zija amatchajira timawailesi, ndipo zinayi mwa izo zinali zongopereka moto, zosadutsa malangizo. Kabodi kamayaka ndithu, iwe n'kumati zili bwino, koma pa kompyuta sipaoneka kanthu. Ndinataya madzulo athunthu ndikuikanso driver amene analibe vuto. Chingwe chikakana, sinthani chingwe musanayambe kukayikira china chilichonse, ndipo zabwinozo zimangeni kansalu kuti zisasokonekere.

Kompyuta itakazindikira, kutumiza malangizo kunakanabe, pansi pakungotuluka mizere yofiira. Apa mankhwala ake ndi osavuta ukawadziwa: pa menyu posankhira purosesa, sankhani ATmega328P yolembedwa Old Bootloader. Timabodi tanga tambiri tinafuna imeneyo. Tiwiri tinakaniratu chilichonse, ndipo poti ndinali nditachoka kale mumzinda, masiku atapita, panalibenso kokadandaula. Ndikanayesa tsiku lomwe ndinalandira, mlamu wanga akanabwerera kwa wogulitsa nkhani ikadali yotentha.

M'kalasi muli ana opitirira 60, makompyuta oyenda ndi atatu kuphatikizapo laputopu yanga. Ndinawagawa m'magulu asanu ndi atatu, gulu lililonse kabodi kake ndi breadboard yake. Amalumikiza mawaya pa desiki, akamaliza amabwera pamzere kudzatumiza malangizo. Ubwino wake kabodi kakalandira malangizo sikaiwala, kamafuna moto wa 5 V basi, ndiye magetsi akazima timapitiriza ndi power bank. Dziwani kuti ma power bank ena amazima okha chifukwa kabodi kamakoka moto wochepa kwambiri, amayesa ngati palibe cholumikizidwa.

Tinayamba ndi chitsanzo chimene chimabwera kale mu IDE, chotchedwa Blink, chophethiritsa kanyali ka pa pini 13 (mapini ndi timiyendo ta kabodi tolumikizirapo mawaya). Apa ndi pamene ndinaona kuti zilankhulo zitatu zakumana m'chipinda chimodzi. Phunziro ndi la m'Chipwitikizi, mawu a malangizo ndi a Chingerezi, ana akamakangana m'magulu amakangana m'Chichewa. Ndinasiya kulimbana nazo. Ndinalemba pa bolodi kuti HIGH ndi yatsa, LOW ndi zimitsa, delay ndi dikira, ndipo 1000 ndi sekondi imodzi. Mnyamata wina anasintha 1000 kukhala 100 ndisanamuuze, kanyali kanayamba kuphethira mothamanga, gulu lonse linakuwa mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anabwera kudzasuzumira.

Ma LED gulani ochuluka. Muwauze kuti mwendo wautali umapita ku pini, waufupi ku pini yolembedwa GND, ya negativi, ndipo pakati pakhale resistor ya 220 ohm, komabe wina adzaidumpha resistor yo n'kulumikiza molunjika ku 5 V. Athu asanu anapsa tsiku loyamba. Sindinakalipe, ndinangodutsitsa lopsalo kuti aliyense alione. Timawaya ndi ma resistor muziwerenga belu lisanalire, apo ayi pakutha pa mwezi simupeza kanthu. Ndipo muyang'anitsitse amene wagwira mawaya. M'magulu osakaniza anyamata analanda breadboard, atsikana anasanduka alembi, ndiye ndinakhazikitsa lamulo loti wolumikiza azisintha pa ntchito iliyonse.

Tsiku lachitatu tinaika LDR, kachipangizo komva kuwala, kuti nyali iziyaka yokha kukada. Ankaphimba ndi chikhatho, nyali n'kuyaka. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene chaka chonse sindinamvepo mawu ake, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, kodi kangadziwenso ngati dothi la kudimba lauma? Amayi amathirira mbatata ya kachewere mongoganizira." Ndinamuuza kuti inde, pali kachipangizo koyezera chinyezi cha m'nthaka kamene kamalumikizidwa pa pini ya analogi ngati LDR yomweyo, ndipo Nano ili ndi mapini otere asanu ndi atatu.

Ndamutumizira kale mlamu wanga uthenga kuti agule tiwiri toyezera chinyezi ndi zingwe zisanu za mini-USB zodutsa malangizo, aziyese pamaso pa wogulitsa. Ndamulembera dzina langa lonse monga liliri pa BI, ndipo ndamuuza kuti ajambule katoniyo anditumizire ndione zimene walemba isananyamuke ku Maputo. Credencial ndatenga kale kwa a diretori, yodinda, ili m'chikwama, ngakhale ulendo uno siikufunika.