Zimene ndaphunzira za mitengo m'kanyumba ka ramen ku Fukuoka

Teremu ino tikuphunzira za ulendo wa chakudya kuchokera kumunda mpaka m'mbale, ndipo mutu umene unandivuta kwambiri ndi wa kakhazikitsidwe ka mitengo. M'buku zonse zinkangooneka masamu. Ndinayamba kuzimvetsa bwino m'kanyumba kena kogulitsa ramen (ma noodles, tizingwe ta ufa wa tirigu, ta mu msuzi wotentha) kuno ku Fukuoka, ku Japan, komwe mbale imodzi siifika mayeni 1,000 (yeni ndi ndalama ya ku Japan) koma umatulukamo utakhuta.

Pakhomo pali makina. Umaponyamo ndalama, kudina chimene ukufuna, n'kutenga katikiti. Wolandira ndalama palibe. Mipando ndi yochepa, yondandalika moyang'anana ndi wophika, ndipo madzi akumwa umadzithirira wekha. Chilichonse mwa izi chimachotsa ntchito imene ikanafuna munthu wolipidwa.

Chimene chinanditsegula maso ndi kuonda kwa ma noodles. A kuno, omwe amadziwika ndi dzina la Hakata, ndi owonda komanso owongoka, amapsa m'kanthawi kochepa chabe. Mwambowu umalumikizidwa ndi dera la Nagahama, pafupi ndi msika wa nsomba, komwe ogwira ntchito analibe nthawi yodikira chakudya. Koma owonda chonchi akakhalitsa mu msuzi wotentha amafewa msanga, ndiye sakupatsa ambiri nthawi imodzi. Ukamaliza uli ndi njala, umaitanitsa kaedama, gawo lina la ma noodles lothira mu msuzi womwe watsala, pamtengo wochepa. Wodya pang'ono salipirira zimene sadya, zotayidwa zimachepa, ndipo mpando umamasuka msanga kuti wina akhale. Apa m'pamene ndinaona kuti m'malo otere, nthawi imene munthu wakhala pampando nayonso ndi ndalama.

Msuzi wake, tonkotsu, unayambira ku Kurume, m'chigawo chomwechi, mu 1937. Amawiritsa mafupa a nkhumba mwamphamvu kwa maola ambiri, mpaka mafuta aphwanyike tizidutswa ting'onoting'ono n'kusakanikirana ndi zomata zochokera m'mafupamo. N'chifukwa chake umayera ngati mkaka. Mafupa sakwera mtengo, chimene chimadya ndalama ndi gasi ndi thukuta la wophika amene amadzuka anthu ali mtulo. Kwa anzanga osadya nkhumba: funsani kaye, chifukwa ngakhale msuzi wooneka ngati madzi kapena wa soya nthawi zambiri umakhala ndi nkhumba.

Pa ma noodles eniake, chinsinsi ndi kansui, madzi a soda amene amathira mu ufa wa tirigu pokanda. Ndi amene amawapatsa kulimba kotafunika ndi kamtundu kachikasu. Nditamva zimenezi ndinakumbukira chidulo chimene amayi amathira m'therere. Ntchito zake n'zosiyana, koma nzeru yosintha chakudya ndi madzi a phulusa kapena soda ndi imodzi. Japan imagula kunja tirigu wambiri amene imadya, komabe chigawo cha Fukuoka chinapanga mbewu yakeyake ya tirigu wa ramen yotchedwa Ra-mugi. Zimenezi ndimazilemekeza kwambiri. Ofufuza za ulimi anayang'ana chimene ophika a kwawo akufuna, n'kupanga mbewu yoyenera chakudyacho.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti anthu ambiri kuno amaona kuti ramen siyenera kupitirira mayeni 1,000. Tirigu, nyama, gasi ndi malipiro zakwera, yeni nayonso inatsika mphamvu, koma mwini malo amaopa kuti akakweza mtengo makasitomala athawa. Kampani yofufuza za malonda ya Teikoku Databank inalengeza kuti mu 2024 mabizinesi a ramen amene anagwa anachuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomu. Ine monga wophunzira wodalira kandalama kochepa ndimafuna mbale yotchipa, koma ndikuona kuti mtengo umenewu nthawi zina umatheka chifukwa wophika akudzimana yekha.

Pa ntchito yolemba ya kumapeto kwa teremu ndasankha zomwezi. Ndikufuna kuwerengera mbale zimene kanyumba ka mipando yochepa kayenera kugulitsa patsiku kuti kalipire gasi, lendi ndi ufa, komanso gawo limene kaedama amathandiza pa ndalamazo.