Mlonda ali pageti, nanga kuseri?

Lachitatu usiku. Nkhani ya masana ija yakana kuchoka m'mutu mwanga.

Mnzanga wa kuntchito anandipeza ali wosangalala kwabasi, akuti watulukira bowo la chitetezo mu kernel ya Linux, pulogalamu yomwe ili pamtima pa Linux yonse. Pulogalamu yake yofufuza code inamulozera ext4_fileattr_set, function imene imasintha ma flag (zizindikiro) a failo mu ext4, imodzi mwa ma filesystem (njira zosungira mafailo) a Linux. "Taona aise, mulibemo capable() olo m'modzi. Ndiye kuti aliyense atha kuika immutable pa failo ya mnzake!" Apa capable() ndi imene imaona ngati munthu ali ndi chilolezo chapadera, ndipo immutable ndi flag yoletsa kusintha kapena kufufuta failo.

Ndinati tiye tione kaye amene amaiitana function imeneyi. Kuyambira pa kernel 5.13, mu 2021, ioctl (pempho lapadera lopita ku kernel) ya FS_IOC_SETFLAGS, yosinthira ma flag, imayamba yadutsa pa vfs_fileattr_set mu VFS, gawo la kernel lomwe mapempho a mafailo amadutsamo asanafike ku filesystem. Pamenepo ndi pomwe amafunsa ngati failoyo ndi yako, ndipo wofuna kusintha immutable kapena append-only (yololeza kungowonjezera kumapeto kwa failo) ayenera kukhala ndi chilolezo chapadera cha CAP_LINUX_IMMUTABLE. Pofika ku ext4 zimakhala zitasefedwa kale. Mlonda ali pageti, chitseko cha kuchipinda sichifunanso wake. Mnzangayo anangokanda m'mutu n'kubwerera pampando pake, ndipo zinandikhudza, chifukwa mnyamatayu amalimbikira.

Koma mawu akuti "VFS inaona kale" sindimawakhulupirira msanga. Bowo la chitetezo lotchedwa CVE-2021-3493 linabadwa chonchi. Kufufuza kwa cap_convert_nscap kunali mu syscall (khomo la mapulogalamu lolowera ku kernel) ya setxattr, pamene overlayfs, filesystem yosanjikiza mafoda, inkapita molunjika ku vfs_setxattr, kulambalala geti. Kernel ya Ubuntu inkalola munthu wamba kupanga mount ya overlayfs mu user namespace yake (kadera kakekake momwe amaoneka ngati ali ndi mphamvu zonse), ndiye ankatha kulemba security.capability, chizindikiro chopatsa pulogalamu mphamvu zapadera, pa failo n'kusanduka root, mwini mphamvu zonse pa kompyutayo. Pokonza, kufufuzako anakusamutsira mkati mwa vfs_setxattr momwemo, kuti aliyense wodutsa akumane nako.

Choncho kusowa kwa capable() pakokha sikundiuza kanthu. Ndimafuna kudziwa njira zonse zofikira pa function imeneyo, ndiponso ngati munthu wopanda mphamvu angadutse pa imodzi mwa izo, makamaka kudzera mu user namespace. Ntchito yake ndi yotopetsa, maso amachita kuwawa. Mapulogalamu ofufuzawa amangokukhuthulira mndandanda, kutsata njirazo n'kusiyira iwe.

Ndikanakonda tikanakhala nthawi yaitali pamodzi, ndimuonetse nkhani ya overlayfs ija, asaganize kuti yankho limakhala "si bug" nthawi zonse. Pamndandanda wake pakadali ma ioctl a btrfs, filesystem ina, omwe sitinawaone n'komwe. Ena mwa iwo sadutsa pa kufufuza kwa VFS, amadziyang'anira okha, ndiye kumeneko mwina... Kaya mawa abwera nawo, kaya wagwa ulesi.