Momwe ndinagawira lipoti la mwezi kwa mapulosesa a seva

Kumathero a mwezi uliwonse, lipoti la zogulitsa linkandichedwetsa mu ofesi mpaka mdima. Tsiku lina ndikudikira, ndinatsegula htop, pulogalamu yoonetsa mmene makina akugwirira ntchito, pa seva yathu ya PostgreSQL, database imene imasunga ziwerengero zathu. Mwa ma core (zigawo za pulosesa zimene chilichonse chimagwira ntchito pachokha) asanu ndi atatu, imodzi inali pa 100%, enawo ali phee. Zinandiwawa, makina odula chonchi kulima munda wonse ndi khasu limodzi.

Kwa zaka zambiri, query (funso limene umatumiza ku database) imodzi mu PostgreSQL inkayenda pa core imodzi basi. Kugawana ntchito kunabwera ndi PostgreSQL 9.6 mu 2016, ndipo kuyambira pa 10 kumakhala kotsegula kale, max_parallel_workers_per_gather, nambala ya antchito (ma process othandizira query), ili pa 2. Yathu inali yatsopano kuposa pamenepo. Nanga chinkaletsa n'chiyani?

Ndinaika EXPLAIN ANALYZE, lamulo loonetsa mmene database yayendetsera query, kutsogolo kwa query ya lipotilo, n'kufufuza mawu akuti Gather, pomwe process yotsogolera imasonkhanitsa zimene antchito ake apeza. Munalibe. Tebulo linali litapitirira kutali 8MB imene database imayambira kuganiza zogawa ntchito, ndipo query sinkalemba kanthu mu database, poti kulemba nakonso kukhoza kuletsa kugawa ntchito.

Vuto linali function (kapulogalamu kakang'ono ka mkati mwa database) yowerengera msonkho imene ndinalemba ndekha. PostgreSQL imatenga function iliyonse imene walemba ngati PARALLEL UNSAFE (yosayenera kugawidwa) mpaka utaiuza kuti ndi yabwino, ndipo imodzi yokha yotero imaletsa query yonse kugawidwa. Apa sindinapupulume. Ndinaiwerenga mzere ndi mzere, chifukwa ukanamiza database pamenepa, ziwerengero zikhoza kutuluka zolakwika osadziwa. Sinkasintha tebulo lililonse, inkangochulukitsa manambala. Ndinaiika PARALLEL SAFE kudzera mu ALTER FUNCTION.

Nditabwereza EXPLAIN ANALYZE, ndinaona Parallel Seq Scan, Partial Aggregate, Gather, ndi Workers Launched: 2. Pa htop ma core atatu anadzuka, poti wotsogolera nayenso amagwira nawo ntchito.

Mtima unkafuna kukweza nambala ya antchito ija kufika 8, koma ndinadziletsa. Wantchito aliyense amatenga work_mem yakeyake, gawo la RAM logwirira ntchito, choncho RAM imatha msanga, komanso onse amachokera m'gulu limodzi la max_parallel_workers, limene anzanga a ku akaunti akudaliranso. Ndinalemba SET n'kuika 4 pa session ya lipotilo yokha. Madzulo amenewo ndinakwera minibasi dzuwa lisanalowe.