Njerwa zosawotcha zimalimba, bola dothi ndi madzi muzisamale

Kuyambira 2018, malamulo omwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council amaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, poti mauvuni atha mitengo. Womanga nyumba yake ku Area 25 kapena ku Chinsapo mu Lilongwe angapindulenso ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti.

Dothi lakuda la pamwamba lichotseni, katondo wapansi ndiye wofunika. Thirani dothilo m'botolo la madzi, khutchumulani, ligone. Mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Dongo likachuluka njerwa zimang'aluka, ndiye onjezani mchenga. La kudambo, lija limachita ming'alu mu Okutobala, musaliyese n'komwe.

Sefani, kenako sakanizani ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa 12 mpaka 15 za dothi, zouma. Madzi ndi ongowaza: mukafumbata, chibuma chigwirane koma chisadonthe. Umbani njerwazo pamakina opanikiza dothi. Zikachoka pamakina, ziphimbeni ndi pulasitiki, muzizithirira masiku 7, mudzamangire pakatha masiku 28. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Amaziyanika padzuwa ngati mphale, simenti n'kuuma isanagwire, njerwa n'kumanyenyeka m'makona.

Pamwamba pa maziko yalani pulasitiki yakuda kuti chinyezi chisakwere khoma. Malata atuluke masentimita 60 kunja, mvula ya Januwale isamamenye khoma.