Nkhope zolembedwa ndi zilembo: mmene tinayambira

Bizinesi yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi mng'ono wanga. Munthu amatitumizira chithunzi, ife n'kuchisandutsa zilembo zokhazokha, kenako timasindikiza papepala lalikulu kapena pa tisheti. Ukayandikira umangoona madontho, mitanda ndi ma @ ali mbwee. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono, umapeza nkhope ya agogo ako ikukuyang'ana.

Pulogalamu yoyamba ndinailemba mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, pogwiritsa ntchito Pillow, chida chake chosinthira zithunzi, ndipo sinakwane mizere 30. Imachepetsa chithunzi n'kuchotsa mitundu, kuti kadontho kalikonse ka chithunzicho kakhale ndi nambala pakati pa 0, kuda bii, ndi 255, kuyera mbee. Kenako imatenga zilembo 10 zondandalikidwa kuyambira pa @, yemwe amadya inki yambiri, mpaka pampata popanda kanthu. Pakuda pamagwa @, pamasaya owala pamagwa kadontho. Basi. Si nzeru yathu ayi: Kenneth Knowlton ndi Leon Harmon anali atachita kale zofanana ndi zimenezi ku Bell Labs, malo ochitira kafukufuku ku America, mu 1966.

Tinayesera pa nkhope yanga. Inatuluka yaitali ngati ya kavalo, mng'ono wanga anaseka mpaka misozi. Ndinali nditaiwala kuti chilembo n'chachitali pafupifupi kawiri kuposa m'lifupi mwake, choncho chiwerengero cha mizere ya zilembo, kuchokera pamwamba kufika pansi, chiyenera kudulidwa ndi theka.

Chomwe chinatipweteka ndi oda ya chithunzi cha ukwati. Tinatumiza fayilo ya zilembo kwa osindikiza, iwo n'kuitsegula ndi font (kalembedwe ka zilembo) ina imene i ndi wowonda pomwe W ndi wonenepa. Mizere inasokonekera yonse, mkwatibwi osadziwika kuti maso ali pati. Tinabweza ndalama, manyazi ali tho. Kuyambira tsiku limenelo timagwiritsa ntchito font ya Courier, yomwe zilembo zake zonse n'zofanana m'lifupi, ndipo kwa osindikiza kumapita PDF yokha.

Anthu amaganiza kuti amalipira khodi, mizere ya pulogalamu ija. Khodiyo aliyense akhoza kuilemba madzulo amodzi. Nthawi yathu imathera pa chithunzicho chisanalowe mu pulogalamu: kufufuta makatani ndi mipando ya kumbuyo, kuwalitsa chipumi, kudetsa nsidze kuti maso asasowe. Nkhope yojambulidwa pamthunzi imatuluka ngati chikhoma cha ma #, ndiye timapempha chithunzi china, ngakhale ena zimawanyansa. Ndinayesapo kuwonjezera zilembo, poti ASCII, mndandanda wa zilembo ndi zizindikiro za pa kompyuta, ili ndi 95 zosindikizika, koma nkhope zinangoti waa, zopanda malire ooneka. Ndinabwerera ku 10 zija.

Masiku ano ambiri amafuna kuti nkhope ipangidwe ndi zilembo za dzina la mwiniwake. Zimavuta dzinalo likakhala la zilembo zowonda ngati i ndi l, chifukwa mdima umasowa poutenga. Mng'ono wanga ndiye anapeza njira: zilembo zikhale zomwezo, koma inki izisintha, pamthunzi yakuda kwambiri, powala yotuwa.