Kukaona manda a Bon Scott ku Fremantle

Msonkhano umene unanditengera ku Perth, ku Australia, utatha, anzanga anapangana zopita ku Rottnest Island kukajambula tinyama tija amati quokka. Ine ndinawauza kuti angopita. Ndinakwera sitima ya pamtunda yopita ku Fremantle, tauni ya padoko pomwe mtsinje wa Swan umathira m'nyanja, ulendo wa mphindi pafupifupi 30. Kumeneko kunali munthu woti ndikamuone, ngakhale anatisiya kalekale.

Achinyamata a lero dzina la Bon Scott sangalidziwe. Ameneyu anali woimba wa AC/DC, gulu limene Malcolm Young ndi mng'ono wake Angus anayambitsa ku Sydney mu 1973. Ine gululi ndinalidziwira pa kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake, yopanda chikuto, dzina lolembedwa ndi bolopeni. Wailesi ikatafuna tepi, bolopeni yomweyo ndiyo tinkakulungira. Chingerezi chake sitinkachimva bwino, koma gitala ikangolira, tsache linkasanduka gitala, mitu ili gwedegwede. Akuluakulu ankati ndi phokoso la anthu ozungulira mutu. Mwina sankanama, koma ife phokosolo ndi limene tinkafuna.

Ndinayambira ku Fishing Boat Harbour, komwe kuli chiboliboli chake cha mkuwa chomwe anachiika mu 2008. Waima pamwamba pa amplifier (chokuzira mawu a gitala) ya Marshall, maikolofoni m'manja, chifuwa pamtunda. Pozungulira pali malo odyera nsomba ndi tchipisi, mbalame za kunyanja zikulimbirana zotsala. Alendo amangojambulitsa n'kumapita. Mphepo ya masana imene eni dera amaitcha Fremantle Doctor inali itayamba kuwomba, ndipo sindinakhalitsepo.

Kumanda ndi kumene ndinataya nthawi. Fremantle Cemetery ili pa msewu wa Carrington, kunja pang'ono kwa tauni. Ndinkayembekezera chiliza chachikulu, koma ayi ndithu. Mtembo wake anautentha, ndipo pomwe anakwirira phulusa pali kachikwangwani kachitsulo kakang'ono kolembedwa dzina lake lonse, Ronald Belford Scott. Anabadwira ku Scotland mu 1946, makolo ake anasamukira ku Australia mu 1952, ndipo iye anakulira m'tauni yomweyi. Asanatchuke anagwirapo ntchito yogawa makalata. Ndinayesa kumuganizira munthu wa mawu okanda kukhosi uja akuponya makalata m'mabokosi a anthu, ndipo ndinaseka ndekha pakati pa manda.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi mphatso zomwe okonda nyimbo zake amasiyapo. Maluwa alipo, inde, koma palinso zitini za mowa ndi timabotolo ta whisky. Bon anamwalira ku London pa 19 February 1980, ali ndi zaka 33. Anamupeza m'galimoto atauma kale, atachezera kumwa, ndipo chinamupha ndi mowa womwewo. Ndiye munthu n'kumubweretsera chomwe chinamutenga? Ena amati ndi ulemu. Ine sindinagwirizane nazo, ngakhale sindinachotsepo chilichonse. Si manda a m'bale wanga.

Ndili chiimire panafika bambo wina wa imvi, atavala malaya akuda osuluka olembedwa AC/DC. Tinapatsana moni, ndipo posakhalitsa tinali titayamba mkangano umene okonda gululi sautha: wabwino ndani, Bon kapena Brian Johnson amene analowa m'malo mwake? Bamboyo anali kumbali ya Brian. Anandikumbutsa kuti chimbale cha Back in Black, chomwe chinatuluka miyezi isanu Bon atamwalira, ndi chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri padziko lonse. Zimenezo sindinatsutse. Ndinangomuuza kuti Brian amakuwa, pomwe Bon ankaimba ngati munthu amene akukunong'oneza zachipongwe uku akuseka. Bamboyo anapukusa mutu n'kunena kuti makutu anga anawonongeka ndi makaseti otha. Tinatsutsana mpaka pageti, kenako anandinyamula pa galimoto yake kukandisiya kusiteshoni.